Dzanja Lokhakhala ndi Sopo

"Ndiye mukuti amene ankaima pa geti la chipatala mvula ikumukhuthukira anali Ambuye? Nanga ine ndinali kuti, bambo a ana?"

Mkazi wa Aleluya anafunsa ataima pakhomo pa shopu, thovu la sopo lisanaume m'mikono. Aleluya anali pa makina osokera, thalauza la kasitomala lili pansi pa singano. Phazi linangouma pa chopondera.

Aleluya ndi telala, wa pa khonde loyang'anana ndi okonza mafiriji. Dzinali si lobadwa nalo ayi. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo anajambulitsa nyimbo imodzi yotamanda Mulungu, inamveka pa wailesi, basi anthu anamupachika dzina ndi mtundu womwe: woyimba za uzimu. Kuyambira pamenepo, angoyerekeza kuyimba mluzu wa nyimbo ina akusita kolala, wina wayamba kale kutsokomola. Anthu omwewo ovina usiku wonse kumaukwati, ati telala yekha ndiye akhale mngelo.

Chaka chatha chifuwa chinamugoneka m'chipatala miyezi iwiri. Mkazi wake, amene amachapira anthu zovala m'makomo, ankafika nthawi yoona odwala isanakwane, mlonda n'kumuimika panja, kontena ya chakudya ataifungatira kuti isazizire. Atachira, Aleluya anamupekera nyimbo. Yachikondi yeniyeni, ya gitala basi. Inkanena za dzanja lokhakhala ndi sopo limene linkamupukuta thukuta pamphumi, ndi za mwini dzanjalo ataima pa geti mvula ikumunyowetsa. Anamuyimbira masana ena atakhala pa chidebe chovundikira. Mayiyo anaseka, amvekere nkhalamba yayamba kufunsira kachiwiri, koma anatembenukira kukhoma n'kupukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

Vuto linayambira ku situdiyo. Mwini situdiyo anamvetsera mpaka kumapeto, anavomera kuti nyimbo ndi yabwino, kenako anafunsa kuti aiika pati. Pa kompyuta yake pali malo atatu: za uzimu, zachikondi, zovina. Anati wa pulogalamu ya uzimu pa wailesi saikhudza n'komwe, ndipo ikamveka pa yachikondi, mawa lake akulu a mpingo adzafika pa shopu kudzafunsa ngati m'bale walowerera. Nzeru yake inali yachidule: pamene pali "iwe" paikidwe "Inu Ambuye", nyimbo yalowa.

Aleluya sanakane. Apa ndiye pamene pakuwawa. Palibe anamugwira pakhosi. Anatulutsa yekha cholembera m'thumba la shati, naisintha nyimboyo ngati mmene amapindira thalauza la mwini wake, osafunsa zambiri. Dzanja lokhakhala ndi sopo linasanduka dzanja lokhomedwa misomali. Mzere wa pa geti anausiya chifukwa unkagwa bwino pa gitala. Pobwerera kunyumba anadutsa njira yaitali, ndipo mkazi wake atafunsa za kujambula, anangoti makina anavuta.

M'mawa wa tsiku la mkanganoli nyimbo ija inatuluka pa wailesi. Mkazi wa Aleluya anali chowerama pa beseni kunyumba ya bwana wina. Dona wa panyumbapo anakweza wailesi, nakwezanso manja, n'kumuuza kuti ali ndi mwayi kukwatiwa ndi munthu wodzozedwa chotero. Iye anamva geti lake, mvula yake, koma iye mwini mulibemo. Anasiya mashiti ali m'madzi, ulendo wa ku shopu.

Okonza mafiriji anali atasiya kugogoda. Mayi wogulitsa mabatani pafupipo ankasanja mabatani osanjidwa kale. Aleluya anafuna kuloza mwini situdiyo, wa pa wailesi, akulu a mpingo. Onsewo ali ndi mlandu, ndipo tsiku lina ayenera kuuzidwa pamaso. Koma cholembera chinali mommo m'thumba, chikumubaya pachifuwa.

"Sakanaiwulutsa mmene inalili, mayi a ana," anatero, maso ali pa singano.

"Ndinapempha wailesi ine?"

Mkazi wakeyo anati ndi Mulungu alibe naye mlandu, nyimbo zake zilipo zodzaza mabuku. Iye anali ndi imodzi yokha, yoyimbidwa pa chidebe, ndipo imeneyonso amulanda. Anati Lamulungu akudziwa chimene chidzachitike: abusa adzaitana Aleluya kutsogolo, mpingo wonse udzaimirira, iye adzakhala pa benchi ya amayi n'kumawomba m'manja kuwombera mvula imene inamunyowetsa yekha.

Kenako analowa, nasuntha thalauza la kasitomala, n'kuika dzanja lake pa makina, pamaso pa mwamuna wake. Linali long'aluka m'mphindi mwa zala, loyera ndi sopo.

"Liyang'aneni. Musanakaime kutsogolo kuja, mundiyankhe pano, anthu awa akumva. Dzanja la m'nyimbo ija ndi la ndani?"