Mwana Wathabwa Kumsana Kwanga

Ndikukumbukira chaka chimene asekulu anga, agogo aamuna a Gondwe, anagwa pamtsetse wa kumunda kwathu ku Nchenachena akuthamangitsa nguluwe. Bondo linatupa ngati dzungu, koma iwo sanadandaule za bondo. Chinawasowetsa mtendere ndi thabwa la mfuti yawo, lija limatsamira paphewa powombera. Linali litang'aluka.

Mfutiyo inali ya asilikali, yofanana ndi imene anagwira kunkhondo ya ku Burma, ndipo chilolezo anali nacho. Chaka chilichonse ankakaionetsa kupolisi ku Rumphi, ndipo yopezeka ndi vuto inkatsala komweko. Popanda mfutiyo chinangwa chathu chikanathera nguluwe. Nthawi yokaionetsa inali itayandikira.

Mmisiri wodalirika anali a Phiri, munthu wa ku Dedza amene ankapala matabwa kuseri kwa msika wa Mhuju. Vuto linali njira. Masiku amenewo kunkamveka mphekesera za zigawenga, ndipo anyamata a chipani ankaima pamsika kufunsa makhadi a chipanicho ndi kusuzumira m'madengu. Ukapezeka ndi chidutswa cha mfuti, sankadikira kuti ulongosole za chilolezo. Bambo anali kumigodi ku Joni, amayi anali ndi pakati potopa. Ndinatsala ine, mtsikana wa sitandade 4.

Asekulu anamasula thabwalo kulichotsa kuchitsulo. Amayi analikulunga m'nsanza, kuliveka kachipewa ka ulusi, n'kundibereketsa ndi chitenje. Linkanunkha mafuta a mfuti ndi thukuta lakale. Njira yonse linkandibaya pamsana, ndipo ndinkangoona ngati aliyense wodutsana naye akudabwa mwana wosapukusa mutu.

Pamsika anyamata aja analipo, atakhala pansi pa mtengo wa mango. Mmodzi anandikodola.

"Iwe, mwanayo khadi ali nalo?" anafunsa, anzake akuseka. Kenako anatambasula dzanja kuti avundukule chitenje.

"Ali ndi chikuku," ndinatero. "Ndikupita naye kuchipatala."

Dzanja lija linabwerera msanga. "Choka naye pano, fulumira!"

Ndinayenda osacheuka.

A Phiri atamasula nsanza zija anapita kukatseka chitseko. "Nyagondwe, wadutsa nacho pamsika chimenechi?" anandifunsa, ponditchula ndi mfunda wathu. Ndinavomera ndi mutu. Anapukusa mutu wawo, n'kundipatsa nthochi.

Anatenthetsa guluu m'kachitini mpaka m'nyumba monse munanunkha ngati ziboda zowamba. Anakanula mng'aluwo pang'ono ndi kamtengo kosongoka, kuthiramo guluuyo ndi nthenga ya nkhuku, n'kumanga zolimba ndi mphira wa chubu cha njinga. Kunja munthu akatsokomola, tonse tinkayang'ana kuchitseko. A Phiri ankayankhula monong'ona kuti mtengo umenewu si mbawa kapena mlombwa, ngwa kutsidya kwa nyanja, ndipo ukatheratu palibe angasemenso wofanana nawo. Anandionetsa pamene panasalala ndi kuda. "Apa ndi tsaya la agogo ako," anatero.

Anati guluu aume kaye, ndiye ndinagona kwa azakhali anga pafupi ndi msika. Kutacha anaboola thabwalo, kulowetsa sikuluwu yamkuwa, kuipala mpaka inafanana ndi mtengo, n'kupaka mafuta. Mng'alu unatsala ngati tsitsi limodzi. Pobwerera sindinayerekeze kudzeranso pamsika. Ndinalambalala m'minda ya khofi, minga ikundikala m'miyendo, mpaka ndinatulukira kwathu. Asekulu analisisita thabwalo nthawi yaitali. "Yewo chomene, mzukulu," anangotero pondithokoza m'Chitumbuka.

Ku Rumphi anapita ndi ndodo, atakwera lole, chilolezo chili m'thumba. Tsiku lonselo amayi sanadye. Madzulo tinawaona akutsimphina pamtunda, mfuti ili paphewa. Anati wapolisi anaitembenuzatembenuza, n'kunena kuti chimfuti chokalamba chotere ngakhale kusinthanitsa ndi khasu iye sangalole, kenako anadinda. Asekulu anakwiya ndi mawuwo sabata yathunthu, ife tikusangalala.

Atamwalira, mfutiyo tinakaipereka kuboma. Chaka chatha mdzukulu wanga anandionetsa pafoni mfuti zonga yomweyo, akuti kunja anthu amazigula ndalama zambiri kuti azingozipachika pakhoma, koma yomatidwa imatsika mtengo. Anafotokoza zonsezi mokweza, tili m'minibasi yodzaza, anthu ena akukangana za ndale mosaopa munthu. Ndinafuna kumuuza za asekulu anga aja, koma nditafika pa liwu loti mfuti ndinapezeka ndatsitsa mawu, ndikuyang'ana amene wakhala kumbuyo kwanga.