Gawo Lachiwiri Ndinalionera M'zakuda

Amuna anga atamwalira ndinavala zakuda chaka ndi miyezi inayi. Chaka chokha chikanakwana, koma zakuda sudzivula wekha ngati juzi. Amakuvula ndi abale a mwamuna, akumete, anene kuti takusudzula, kakhale ngati anthu ena. Tsono abale awowo anali ku Dedza, ife tili m'komboni ya mgodi ku Bindura, m'dziko la eni, ndipo malemuwo chichokere kwawo ali mnyamata sanakapondekonso. Tinalemba kalata. Tinalembanso ina. Zii.

Ukakhala m'zakuda sukhala pamsika. Ine ndinkagulitsa tomato ndi maputi, chimanga chokazinga chija, pageti la mgodi, ndinasiya. Ku ukwati supita, kutchalitchi umakhala benchi ya kumbuyo. Sindinganame kuti zinkandiwawa. Palibe chinkandiwawa masiku amenewo. Kudzuka, kusesa, kukhala pakhonde, basi. Tsiku lina mpongozi wanga anathira mchere mu tiyi m'malo mwa shuga, ine ndinamwa kapu yonse, anazindikira ndi iyeyo atalawa wake. Mtsikana wabwino ndithu, wa ku Matepatepa, koma manja ake ndi othamanga kuposa mutu.

Munthu mmodzi yekha akanatha kundimasula. Anali mdala wina amene anayenda ndi amuna anga kuchokera kwawo, wapansi, kudutsa ku Tete, akugawana chinangwa chimodzi. Magazi ayi, sanali pachibale. Koma m'komboni amene munabwera naye njira imodzi ndiye mbale wako, ndiye ine ndinkawatcha alamu, iwonso mlamu. Ndinawapempha kawiri. Anakana.

"Mlamu, eni ake alipo," anatero. "Kalata ikabwera mawa, ine ndidzati chiyani? Kuti ndinasudzula mkazi wa eni?"

Ndinangoti chabwino.

Tsopano za bayisikopo. Pamgodi panali holo, ndipo Loweruka masana ankaonetsa filimu, mawindo atatseka ndi mabulangeti. Amuna anga sankaphonya. Iwo ndiwo ankamasulirira azimayi tonse a benchi yathu, chonsecho Chingerezi chawo chinali cha pansi pa mgodi, chosakaniza ndi Chilapalapa, chilankhulo cha m'migodi. Mzungu alankhule mpaka malovu kuuma, iwo amvekere, "Akuti ali ndi njala." Ife n'kukhulupirira.

Filimu imene anaikonda kwambiri inali ya anthu opita kumwamba pa chombo, kupitirira mwezi. Anavala zipewa zagalasi zotseka nkhope yonse, ndi mapaipi kumsana. Amuna anga anati amenewa ndi anzathu a shifiti, kungoti keji yawo, chikepe cholowera mumgodi, imakwera m'malo motsika. Anakatera pa dziko la fumbi loyera ngati dampu yathu ija yotayirapo dothi la mumgodi, n'kupezako zinthu zazitali zowonda, zopanda pakamwa, zolankhula ndi zala. Mantha atawagwira anathawira m'chombo, chitseko n'kutseka mnzawo mmodzi ali panja. Filimu n'kuthera pomwepo. Holo yonse inakuwa. Wa makina oonetsera filimu anatuluka m'kachipinda kake n'kunena kuti musandiphe ine, gawo lachiwiri likubwera.

Linatenga zaka. Amuna anga chifuwa chinawagwira, chija cha anthu a pansi. M'chipatala, atatsala mafupa okhaokha, sananene za ana kapena za kwawo. Anati, "Amake mwana, gawo lachiwiri likabwera mukaone ngati anakamutenga munthu uja." Ine ndinati mukaona nokha. Anaseka, n'kutsokomola.

Ndiye tsiku lina pobwera kumpopi ndinaona pepala pakhoma la holo, chipewa chagalasi chija ndi nambala 2 yaikulu. Kuwerenga ndimatha pang'ono, ndinalekeza sitandade 4, koma apo sipanafunike sukulu. Loweruka ndinasamba, ndinavala zakuda zanga zomwezo, ndinapita. Sindinaganize kanthu. Miyendo inangopita.

Pamzere azimayi anasiya kulankhula. Wina ananong'ona m'Chishona kuti ambuya awa alibe manyazi. Ndinamva, koma zinangodutsa. Pakhomo wong'amba matikiti anali alamu aja, chifukwa atapuma ntchito ya pansi anawapatsa imeneyo.

"Mlamu, mwasochera? Kutchalitchi ndi uko."

"Ndatumidwa."

"Ndi ndani?"

"Achimwene anu."

Anandiyang'ana, tikiti ili m'manja. Kenako anaing'amba. Ndinakakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, ndipo anthu atatha kulowa iwo anakoka kireti n'kukhala pambali panga, mwina kuti anthu aone kuti pali wondiyang'anira.

Filimuyo, kunena zoona, sindinamve kanthu. Anyamata atsopano, chombo chatsopano, akungodina mabatani ndi kulankhula. Panalibe wonena kuti ali ndi njala. M'holo munkanunkha thukuta ndi malalanje. Ndinkayang'ana fumbi likuvina m'kuwala kochokera ku makina, ndipo ndikuganiza kuti ndinasinzako.

Ndinadzidzimuka atafika. Dziko loyera lija, zazitali zija zitaima mozungulira, pakati pawo nkhalamba ya ndevu mpaka pachifuwa. Anali munthu uja. Chipewa analibenso. Anyamatawo akumulankhula, iye akuyankha ndi zala, kenako pakamwa panatseguka movutikira ngati chitseko cha dzimbiri. Anafunsa kanthu. Anyamata anayang'anana.

"Akufunsa amayi ake," anatero alamu chapansipansi. "Akuti anamwalira kalekale."

Nkhalamba inafunsanso.

"Akufunsa mlongo wake. Akuti sitikumudziwa."

"Alamu, inu Chingerezi munachiphunzira liti?"

"Khalani chete, mlamu, filimu ikupita. Apo akufunsa mudzi wake. Akuti anthu anasamuka, pali munda wa fodya."

Ine m'filimumo fodya sindinamuone. Koma sindinawatsutse. Iwo maso anali kutsogolo, manja atagwira maondo, ndipo anapitiriza kumasulira ngakhale pamene panalibe amene akulankhula. Anatchula mtsinje, anatchula mtengo wa mbula wa kuseri kwa khola, anatchula mpaka galu. Azungu aja sakananena zimenezo.

Pomaliza anyamata anamugwira dzanja kuti akwere. Iye anafika pachitseko, anasuzumira m'kati, n'kubwerera. Chombo chinanyamuka, zazitali zija zinamuyandikira, chimodzi n'kumuika zala paphewa. Ana a kutsogolo anaimba mluzu kuti filimu yabodza, sanamenyane n'komwe.

"Odzamuika m'manda ndi omwewa," anatero alamu. Anaimirira, anakatsegula chitseko, dzuwa n'kutilasa m'maso.

Ndinabwerera kunyumba. Mpongozi anafunsa kuti inali bwanji, ndinati inali yaitali.

M'mawa mwake, titaweruka kutchalitchi, ndinamva odi. Alamu, akazi awo, ndi amayi awiri a sosayiti yathu ya maliro. Alamu anavala jekete la suti pa kutentha konse kuja. Mwana wanga wamkulu anatulutsa mipando, ine anandiyalira mphasa pabwalo.

"Kalata yabwera?" ndinafunsa.

"Palibe kalata, mlamu. Khalani pansi."

Akazi awo anandimasula mpango, anandinyowetsa tsitsi ndi sopo, n'kuyamba kumeta ndi lezala. Anameta bwino, anangondicheka pang'ono kuseri kwa khutu. Tsitsi linkagwera pa siketi, loyera lambiri kuposa mmene ndinkadziwira. Anthu oyandikana nafe anaima m'makomo mwawo, amene ananong'ona pamzere uja analiponso, mwana ali kumsana.

Alamu anaimirira, anavula chipewa.

"Ine sindine wa mimba imodzi ndi malemu. Ndine mbale wake wa panjira. Koma abale a panjira ndi amene tilipo. Mayi inu munatisungira munthu wathu, munamudwazika, munamulira mokwanira. Mlandu mulibe. Takusudzulani. Akadzabwera a ku Dedza adzafunse ine."

Amayi a sosayiti analulutira, mmodzi yekha, winayo anali ndi chimfine. Anandilowetsa m'nyumba, anandivula zakuda zija n'kuzikulunga, anandiveka diresi yanga yakale ya maluwa. Inali itakula, kapena ine ndinali nditachepa, anachita kuimanga ndi lamba wa mpongozi. Ndinadikira kuti mwina ndilira, kapena ndisangalala. Sizinabwere.

Nditatuluka, alamu anali atakhala pampando, chipewa chili pabondo, akuyang'ana pansi. Ndinagwada n'kuti zikomo alamu. Anangogwedeza mutu.

Mphepo inkandizizira pampala. Ndinapempha mpango, anandipatsa wofiira, ndinamanga.