Diresi Loyera Limene Amayi Sanalimalize

Ndikukumbukira kulira kwa sizasi ya amayi. Inali yaikulu, yolemera, ya zogwirira zakuda zimene penti yake inali itasupuka pokhala chala chachikulu. Ikamadya nsalu pathebulo inkamveka khwee, khwee, ndipo ngakhale uli kuseri kwa nyumba unkadziwa kuti ntchito yayambika. Tinkakhala kufupi ndi Mauwa, m'mphepete mwa msewu wafumbi. Amayi ankasoka pakhonde ndi makina opalasa ndi mapazi, abambo ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango.

Pakhomo pathu panali lamulo limodzi losakambirana: sizasi ya nsalu sidula china chilichonse. Pepala ayi, chingwe ayi, zikhadabo ayi. Tsiku lina abambo anaitenga mwakachetechete kuti adulire labala wa chubu, amayi ali kudimba. Pobwera, amayi anangodula kansalu kamodzi n'kumva m'dzanja kuti yabuntha. Sanakalipe. Anangoiika pa chishalo cha njinga ya abambo. Munthu wamkulu uja anapalasa mpaka ku Milepa kukainoletsa, ndipo kuyambira pamenepo ankaizungulira ngati njoka.

Chida chomwechi chinali ndi mayina angapo. Ife tinkati sizasi, akuluakulu a m'mudzi ankati lumo la nsalu, pamene Abiti Amidu ankati makasi. Abiti Amidu anali mayi wachisilamu wa tsidya la msewu, mnzawo wa amayi wa ponda apa nane ndipondepo. Makina analibe, ankasoka pamanja mipango ndi nsalu za pathebulo. Masana ankabwera kudzakhala pamkeka pakhonde pathu, ndipo awiriwo ankatsegula chitini chakale cha mabisiketi mmene munkakhala zokongoletsera zovala. Ine ndinaphunzira mayina ake ndisanadziwe n'komwe kuchulukitsa manambala: lesi ya maluwamaluwa, riboni yoterera, zigizagi yokhotakhota ngati njira ya nyerere, bayasi yotsekera m'mphepete mwa khosi, ndi mphonje zolendewera pa nsalu za pampando. Chitinicho chinkanunkhira mafuta a makina ndi sopo.

Chaka chimene ndinkayenera kulandira Ukalisitiya koyamba, ndili sitandade folo, amayi anapita ku Limbe n'kubwerako ndi nsalu yoyera ndi lesi ya timaluwa ting'onoting'ono. Anandiimika pampando n'kundiyeza, mapini ali kukamwa, akundiuza ndi maso kuti ndisiye kugwedezeka. Analemba mizere ndi choko cha buluu, anadula, analumikiza zidutswazo ndi mapini. Kenaka anayamba kudwala. Poyamba ankati ndi malungo chabe, koma m'mawa wina, chiperoni chitaphimba phiri la Chiradzulu, abambo anawakweza panjinga atawafunditsa bulangete, ulendo wa ku chipatala cha mishoni. Sanabwerekonso amoyo.

Za maliro sindikumbukira zambiri, koma utsi, nyimbo za amayi a mpingo ndi miyendo ya anthu. Chimene chinandikhala ndi tsiku lometa. Anatikhazika pamkeka ine ndi mlongo wanga wamng'ono. Amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi amene anachokera ku Likoswe, analowa m'nyumba kukafuna chochepetsera tsitsi asanapititsepo lezala, ndipo anatuluka ndi sizasi ija. Nditaiona ndinakuwa. Anthu ankaganiza kuti ndikuopa kumetedwa, ena ankati chisoni chandifikira tsopano, ndipo anayamba kundigwira manja. Abiti Amidu okha ndiwo anamvetsa. Anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo n'kutulutsa kasizasi kakang'ono.

"Mayi, tengani angawa," anatero polankhula ndi amayi aakulu. "Makasi awo ndi a nsalu."

Ndinaleka kukuwa. Tsitsi linagwera m'miyendo mwanga, ndipo mphepo ya chisanu inandiluma m'mutu.

Pambuyo pake abale anakhala pansi kugawana katundu wa malemu. Makina anapita ndi atsibweni, achimwene awo a amayi, ndipo sizasi ndi chitini chija zinatsata makinawo. Zidutswa za diresi langa anazipeza m'dengu, mapini akadali momwemo. Amayi aakulu anazitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti nsaluyo ndi yabwino, ingathe kukhala zovekera mapilo. Sankanena mwankhanza. Kwa iwo zinali zigamba, ndipo palibe ankaganiza za Ukalisitiya pakhomo pamene pangochoka mtembo. Koma tsiku lolandira linali litayandikira, ndipo akatekisiti anali atanena kuti wopanda chovala choyera adzadikira chaka chinacho. Ine chaka chinacho sindinkachiopa kwenikweni. Ndinkaopa kuti chinthu chomaliza chimene manja a amayi anagwira chikasanduka pogoneka mutu wa munthu wina.

Abiti Amidu, amene sanali wa mbumba yathu ndipo analibe mawu pamenepo, anasendera pafupi n'kugwada.

"Pepani eni maliro, ndilankhule ngakhale ndine wapadera. Ntchito iyi ndinaiona ikuyambika. Ndipatseni ndiimalize, mwanayu akalandire ndi anzake."

Wina kumbuyo anang'ung'udza kuti Msilamu angasoke bwanji chovala cha kutchalitchi. Abambo, amene monga mkamwini anali atakhala duu tsiku lonse, anadzutsa mutu. "Apatseni," anatero. Ndi mawu okhawo amene analankhula pa kugawana konse kuja.

Kuyambira pamenepo, ndikaweruka kusukulu ndinkawoloka msewu. Abiti Amidu ankasoka pamanja, atakhala padzuwa, maso ali pafupi ndi nsalu. Ankatsata mizere ya choko cha amayi osapatuka, ndipo pini sankaizula mpaka ulusi utafika pamene inali. Sitinkalankhula zambiri. Nthawi zina ankandipatsa mbatata yootcha, nthawi zina ankangoti, "Mnzanga uja dzanja lake linali lowongoka," n'kupukuta m'maso ndi mpango. Lesi ya ku Limbe inakwana khosi ndi mikono yokha. Amayi ayenera kuti ankafuna kudzagula ina ya kumpendero. Abiti Amidu anaganiza pang'ono, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mpango wawo woyera umene ankavala pa Idi. Anasomola lesi yake pang'onopang'ono ndi nsonga ya singano. Inali yosiyana ndi inzake, yakale, yoderako ngati mkaka wowiritsa, koma inazungulira mpendero wonse.

Tsiku lenilenilo panabuka vuto limene palibe analiganizira. Velo linkakana kukhala pamutu wanga wampala, linkangotsetsereka, poti panalibe tsitsi lobayapo pini. Mlongo wanga anaseka koyamba chimwalirire amayi. Abiti Amidu anasokerera msangamsanga kariboni koti ndimange kunsi kwa chibwano, ndipo ndinkaoneka ngati khanda la m'chipewa. Anatiperekeza ulendo wonse wapansi mpaka kutchalitchi, atandinyamulira nsapato kuti zisade. Pakhomo anaima, nandiveka nsapatozo, n'kukakhala pamwala pansi pa mtengo wa bulugamu. Pobwerera kuchokera kuguwa ndinaona abambo atabisa nkhope m'chipewa chawo. Misa itatha, Abiti Amidu anali pomwepo. Anandizungulitsa, anayang'ana mpendero, nadula ndi mano kaulusi kamene kanatsalira.

Masiku ano madiresi oyera amapachikidwa osokasoka m'masitolo, ena timawatola pa kaunjika. Mwana wanga wamkazi tinamugulira lotero, ndipo linamukhala bwino. Makonde ambiri amene ankalira makina tsopano amagulitsa mayunitsi a foni. Kumaliro, mabanja ambiri amangodula katsitsi pang'ono n'kumwazikana, chifukwa mawa lake anthu akufunika kuntchito. Sindinena kuti kale zonse zinali bwino. Matenda amene anatenga amayi mwina lero akanachira nawo.

Abiti Amidu anamwalira ine ndili kale ndi ana. Ndinafika mochedwerapo kuchokera ku Blantyre, n'kukhala kunja pamodzi ndi azimayi ena, monga mlendo wa mpingo wina. Mwana wawo wamkazi atandiona anandikodola kuti ndilowe. M'chipindamo ankakonza sanda, nsalu yoyera imene Asilamu amakulungira mtembo, yopanda mpendero, yopanda chokongoletsa chilichonse. Mayi wina anafunsa monong'ona kuti ndine yani.

"Ndi mwana wawonso uyu," anayankha mwana wa Abiti Amidu uja.

Anandipatsa nsonga imodzi ya nsaluyo kuti ndiikoke iwongoke, ndipo ndinagwira mpaka anamaliza kudula.