Ambulera Nambala 14 ya a Cavazzuti

Kwathu kuno ku Sassuolo mukamufunsa munthu kuti chaka chimayamba liti, akuuzani kuti Januwale, koma akunama. Chaka chimayamba tsiku limene ng'anjo za m'mafakitale a matailosi zazimitsidwa, koyambirira kwa Ogasiti, tauni yonse n'kulongedza zikwama kutsetserekera kunyanja. Miyezi inayo ndi yodikira basi. A Ermete Cavazzuti anadikira choncho zaka 42 ali pakamwa pa ng'anjo, ndipo atapuma pantchito kudikirako sanakuleke.

Ndi munthu wamfupi, wa manja okhakhala, wogontha khutu lakumanzere chifukwa cha makina. Analowa m'fakitale ndevu zisanamere, ndipo nyanja anakaiona koyamba atakwatira kale a Dolores, mwana wawo Loredana ali wakhanda. Anapita pa kagalimoto kobwereka kwa alamu awo, mapoto ndi matiresi atamangirira padenga, kagalimotoko kakutsokomola njira yonse. Atafika ku Cesenatico anaima m'madzi olekeza m'mawondo ola lathunthu, kukamwa kuli yasa. Mpaka lero sadziwa kusambira. Koma chiyambire chaka chimenecho palibe Ogasiti amene anawapeza kwina.

Pamchenga wa a Gualtiero, amene amabwereketsa maambulera ndi mipando kwa obwera kutchuthi, maambulerawo amaima m'mizere khumi, ndipo sungangofika lero n'kukakhala kutsogolo ngati nyanjayo ndi ya bambo ako. A Cavazzuti anayambira mzere wachisanu ndi chinayi, kufupi ndi zimbudzi, kumene mphepo yapanyanja imafika itatopa kale. Ankasendera kutsogolo pang'onopang'ono, wina akamwalira kapena akaleka kubwera. Panapita zaka khumi ndi ziwiri kuti afike mzere wachiwiri, ambulera nambala 14, ndipo tsiku limenelo a Dolores anagwetsa misozi anthu akuona. Lamulo la a Gualtiero linali limodzi lokha: wakale aimbe foni Januwale asanathe, anene kuti akubwera. Ukapanda kuimba, malo ako atenga wakumbuyo kwako, iwe ukayambirenso kuzimbudzi.

Pa nambala 15 anapezapo a Pesenti a ku Bergamo, bambo wamtali wowonda, ndi akazi awo a Giacinta. Tsiku loyamba lomwelo a Pesenti anatulutsa makhadi m'kathumba ka buledi n'kufunsa kuti, "Mumasewera?" Basi chinansi chinayambira pamenepo. Dzuwa likapendeka ankaika thabwa pamwamba pa bokosi la zakumwa n'kuyamba kuponya, azimayi awo ali m'madzi mpaka m'ntchafu kukamba za anthu. A Pesenti ndiwo anaphunzitsa Loredana kusambira, poti bambo ake ankangoima m'madzimo ngati chikhomo. Ana anakula, tsitsi linayera, a Gualtiero anakalamba n'kusiyira mchengawo mwana wawo wamkazi Fiorella, koma thabwa lija linali lomwelo.

Zaka makumi anayi, masabata awiri pachaka. Ankaitanana "a Pesenti" ndi "a Cavazzuti", mayina oyamba osawakhudza. Kuti a Pesenti ankagwira ntchito yanji, a Ermete ankaganiza kuti kupositi, a Dolores ankati kunjanji, ndipo palibe anafunsa. Tsono musaseke: sanapatsanepo nambala ya foni. Kupempha nambala kukanaoneka ngati ukukayika zoti mnzakoyo abweranso. Tsiku lomaliza ankangogwirana chanza, wina n'kuti "Chaka chamawa," winayo n'kuti "Mulungu akalola," aliyense ulendo kugalimoto yake. Ndi uchitsiru, sindikukana, koma ndi uchitsiru wa mchenga wonsewo, ndipo unkayenda bwinobwino.

Unayenda bwino mpaka Ogasiti wathayu. Tsiku lomaliza awiriwo anali mbali imodzi, akulimbana ndi azibambo awiri a mzere wachitatu, anthu amene a Ermete sankawafuna n'komwe chifukwa maso awo sankachoka pa nambala 14. Tsikulo a Pesenti sankasewera monga mwa masiku onse. Ankachedwa kuponya, khadi inawapulumuka m'manja kawiri, ndipo pamapeto anaponya khadi yoti ngakhale mwana sangaponye. A mzere wachitatu anapambana n'kuyamba kuseka chikhakhali.

"Kodi mutu mwausiya kuhotela?" anakalipa a Ermete, mizere yonse ikumva. "Ngati mwakalamba nenani, tikupezereni adzukulu muzisewera nawo!"

A Pesenti anangowayang'ana, osayankha, n'kuyamba kutolera makhadi awo. A Ermete anakutumula thaulo n'kukwera kumtunda, chanza osapereka, "chaka chamawa" osanena. Pamene galimoto inkalowa mumsewu waukulu mkwiyo unali utatha kale, koma manyazi anawakaniza kutembenuka. Anati akapepesa Ogasiti winayo, pansi pa ambulera, poti kwina kowapeza a Pesenti sankakudziwa. Nkhaniyi inawadya mumtima miyezi isanu, ndipo ankaganiza kuti palibe akudziwa.

Pa 6 Januwale, tsiku lotsekera zikondwerero za Khirisimasi, Loredana anabwera kudzadya nawo chamasana. Ndi mayi wamkulu tsopano, wa imvi zake, koma akalowa m'nyumba ya makolo ake amalankhula mothamanga monga kale. Mbale za tortellini, timaphukusi taufa watirigu tokhala ndi nyama m'kati, zisanazizire anali atatulutsa kale foni.

"Ababa, Amayi, chaka chino za tchuthi mundisiyire ine. Taonani apa. Iyi ndi sitima yapamadzi, imakafika ku Norway, kumene mapiri amatsikira m'nyanja momwemo. Uku ndi ku Lisbon. Izi ndi zilumba za ku Greece. Sankhani nokha. Ogasiti, masabata awiri, tonse atatu."

"Ogasiti tili nako kopita," anatero a Ermete, maso ali m'mbale.

"Komwe kuja? Ababa, zaka makumi asanu mchenga womwewo, ayisikilimu womwewo, nkhope zomwezo!"

"Nyanja ndi nyanja. Ya ku Norway ili ndi shuga?"

"Ine mapiriwo ndikuwafuna," a Dolores analowererapo, akuthira vinyo. "Ndisanafe ndioneko madzi ena, osati omwe mwana uyu ankakodzeramo ali wakhanda."

"Tikapanda kupita, ambulera ipita," anatero a Ermete. "Mukufuna tibwerere kuzimbudzi pa msinkhu uno?"

A Dolores anaika botolo pansi n'kutembenukira kwa Loredana. "Si za ambulera izi, mwana wanga. Bambo akowa anatukwana a Pesenti pagulu, ndiye akufuna akapepese. Kungoti pakamwa pawo m'polemera ngati chitseko cha ng'anjo."

"Ndatukwana ndani ine? Ndinangonena zoona!"

"Nanga bwanji chakudya chikukukanika, Ermete iwe? Chiyambire Ogasiti ukungotokosa mbale. Umayesa ndilibe maso?"

"Aa, zazing'ono zimenezo," anatero Loredana. "Aimbireni foni lero lomwe, muwapepese, ife tizipita ku Norway."

Loredana anayang'ana amayi ake, n'kuyang'ana bambo ake.

"Musandiuze kuti mulibe nambala yawo."

"Ya chiyani? Si timaonana Ogasiti?"

Loredana anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya bambo ake anasiyira panjira. Anabweza foni m'chikwama n'kunena kuti adikira mpaka kumapeto kwa mwezi.

Zaka zonse a Ermete ankaimba kunyanja pa 7 Januwale m'mawa, ndipo ankanyadira kuti ndiwo amakhala oyamba. Chaka chino 7 anadutsa, 15 anadutsa, 25 anadutsa. Ankazungulira foniyo n'kupita kukagula nyuzipepala, pobwera n'kuizunguliranso. Kunena zoona ankaopa. Ankaopa kumva kuti a Pesenti apempha kuwasamutsira kumapeto ena a mzere, kutali ndi munthu wamwano. Malinga ngati sanaimbe, nambala 15 inali ya a Pesenti ndithu, ndipo thabwa linali kuwadikira.

Pa 30 Januwale m'mawa a Dolores anaika foni pambali pa kapu yawo ya khofi. "Imba. Ukapanda kuimba ndiimba ine, ndiwauze apatse anzako a mzere wachitatu aja."

Anaimba, foni ataigunditsa kukhutu lakumanja. Anayankha Fiorella.

"A Cavazzuti! Ndimayesa mwatitaya chaka chino. Anthu a mzere wachitatu aimba kale kanayi."

"Auze adikire maliro anga."

"Ndiwauza. Basi 14 yanu ndalemba."

"Chabwino. Kaya kumeneko zonse zili bwino? Nyanja ilipo?"

"Ilipo, sinapite kulikonse."

A Ermete anatsokomola, n'kusuntha kapu, n'kuibwezanso pomwe inali. "Nanga oyandikana nawo aja? A pa 15? Ndikungofunsa chabe."

Fiorella anatsitsa mawu.

"A Giacinta anaimba Khirisimasi isanafike. A Pesenti anadwala sitiroko atangofika kwawo kuchokera kuno. Ali moyo, ali kunyumba, koma mbali imodzi siikugwira. Nambala 15 aibweza." Anapumira pang'ono. "Anasiya nambala ya foni. Anati ndipatse inu nokha, komanso pokhapokha mutafunsa za iwo. Anati mukapanda kufunsa, ndisatchule chilichonse."

A Ermete anaonanso khadi ija ikupulumuka m'zala zazitali zija, kawiri, ndi mmene a Pesenti anawayang'anira osayankha. Munthu anali akudwala pamaso pawo, iwo n'kumunyoza kuti wakalamba. Manyazi amene anawagwira anali oposa a miyezi isanu yonse ija. Fiorella akutchula manambala, iwo ankangobwereza mokweza, a Dolores akulemba m'mphepete mwa kalendala.

"Fiorella, mwana wanga," anatero atamaliza. "14 ija ufufute."

"Mukuti bwanji?"

"Upatse anthu akowo. Uwauze kuti mpando wakumanja uli ndi mwendo wogwedera, asadzati sitinawachenjeze."

A Dolores, amene analirira ambulera imeneyo tsiku limene anaipeza, sanatsutse. Anangopukuta m'maso ndi nsalu ya mbale n'kuloza manambala pa kalendala. "Imba pompano, mtima usanakubwerere."

Ku Bergamo anayankha a Giacinta. Sanadabwe, sanafunse kuti ndani, anangoti, "Mwachedwatu, a Cavazzuti. Foni ikangolira amuna anga amatembenuza mutu. Ali pompano pampando. Akumva zonse, koma mawu ndiwo amawavuta. Ndawaikira kukhutu, lankhulani."

A Ermete anamva kupuma kwa munthu. Miyezi yonseyi anali atakonza mawu abwino, oyamba ndi nthabwala, oti akawanene akusakaniza makhadi, maso ali kunyanja. Onsewo anabalalika.

"A Pesenti, ndine Cavazzuti," anatero. "Ndinalakwa. Ndine chitsiru cha munthu, ndinalakwa kwambiri."

Kunamveka mawu aatali okokeka, osamveka mutu wake, kenako enanso aafupi. A Giacinta anatenga foni.

"Akuti uchitsiruwo anaudziwa kalekale, si nkhani. Akufunsa kuti mubwera liti."

Pakamwa pa a Ermete panali patakonzeka kale kunena kuti Ogasiti, poti moyo wawo wonse yankho la funso limenelo linali lomwelo. Anayang'ana kalendala, tsamba la Januwale lisanang'ambidwe n'komwe, ndipo anaona kuti Ogasiti ali kutali kwambiri kwa anthu a msinkhu wawo.

"Auzeni Loweruka," anatero. "Loweruka likubwerali."

Loredana atamva anati awapititsa yekha, ndipo za ku Norway akambirana pobwerera. Anayang'ana njira pa foni yake n'kunena kuti ndi ulendo wa maola awiri ndi pang'ono, wofanana ndi wakunyanja. Zaka makumi anayi zonsezi palibe anaziganizapo zimenezo.

Lachisanu masana a Dolores anapeza amuna awo ataima kutsogolo kwa kabati ya zovala, chitseko chili chotsegula, osatenga kanthu.

"Tsono waima chiyani pamenepo?"

"Dolores, kodi ndikawazindikira? Chidziwire munthu uja sindinamuonepo atavala buluku, koma kabudula wosambira basi."

"Nayenso sanakuonepo," anatero a Dolores. "Tulutsa lakuda lija ndisite."