Kabudula Pamaso pa Apongozi

Ndinakwatiwa ndi munthu wadyera pa masewero. Anzake ankasankha amodzi n'kumapuma, koma iye ankafuna onse khumi: kuthamanga, kulumpha, kuponya nthungo, chitsulo ndi chimbale, mpaka kudziponya m'mwamba ndi mtengo. Aphunzitsi ake ankati ndi dekatuloni. Kwathu ku Kabwata, mu Lusaka, tinkangoti misala.

Katundu wa m'nyumba ndiye anaona zakuda. Mtengo wochirikiza chingwe cha zovala unathyoka, chivundikiro cha poto wanga wa ukwati chinakatera padenga la aneba. Komabe ndinkamunyadira, sindibisa. Mphekesera ikamveka kuti saladi, mafuta ophikira aja, wafika kusitolo ya boma, woyamba pamzere ankakhala wanga.

Mu Lusaka anali atagonjetsa onse, ndipo ku migodi anabwerako ndi chikho. Chinatsala n'kukwera ndege. Chaka chimenecho akuluakulu a masewero anati awiri oyamba pa mpikisano wa dziko lonse akapikisana kunja. Bondo lake linali litayamba kudandaula, ndipo tonse tinkadziwa kuti mwayi wina sudzabwera. Anakajambulitsiratu chithunzi cha pasipoti atavala tayi yobwereka.

Tsono kwathu kum'mawa mkamwini ndi apongozi ake amathawana. Mayi anga anakhalitsa ku Chilenje, koma mwambowu sanautaye. Mwamuna wanga akamva mawu awo pakhomo ankalumpha mpanda wakuseri, mwaluso ndithu.

Tsiku lomaliza la mpikisano ku bwalo la Woodlands anali pa nambala yachiwiri, kutangotsala liwiro lalitali lozungulira bwalo. Pamenepo inafika nduna yodzapereka zikho, pambuyo pake lole ya amayi a Chipani odzaimba. Mipando inali itadzaza, choncho anawakhazika pa kapinga m'kati mwa bwalo, m'mphepete mwenimweni mwa njira ya othamanga. Kutsogolo, atatambalala ndi chitenje chawo, anali mayi anga. Ine mtima unangoti phwii.

Mfuti italira mwamuna wanga anatuluka bwino. Atayandikira amayiwo ndinaona mutu wake ukugwa. Anapatukira kunja kwenikweni, kumpanda, atawerama, manja akukokera pansi kakabudula kosafika n'komwe pantchafu. Atawapitirira anabwerera m'kati n'kuyamba kuthamangitsa anzake.

"Iwe, uyenda kuti? Bwela mukati!" anakuwa mphunzitsi wake.

Ulendo wachiwiri anachita chimodzimodzi, wachitatunso. Anthu ankagwa ndi phwete, ena n'kumati ndi njira yatsopano yochokera ku Ulaya. Mayi anali ataphimba nkhope ndi nsalu koma nyimbo sanaisiye. Ine ndinkaseka misozi ili mbwembwembwe, chifukwa ndinkaona ndege ikunyamuka.

Atawonkhetsa mapointi, anatsikira pa nambala yachitatu. Panjira ndinamukalipira, iye n'kungoti, "Nanga nenze kuzapita bwanji pamenso pao na matako panja?"

Sabata yotsatira mayi anabwera ndi nkhuku. Anati aona okha kuti mkamwini wawo ndi waulemu, choncho zothawana zithe, azilankhulana. Mwamuna wanga anakhala pansi atavala thalauza lake la kutchalitchi. Mawu oyamba amene mayi anamuuza chikwatirire ine anali awa:

"Koma bambo, munkazunguliranji kutali konse kuja? Anzanu onse ankadutsa pomwe ndinakhala ine."

Anayankha kuti zikomo amayi, n'kudya nkhukuyo mwakachetechete. Chithunzi cha pasipoti chija tinadzachimata pa khadi lake la kuchipatala cha mafupa.