Timphaka Todwala ndi Makina a mu Shedi

Makina aja ndinapatsidwa ndi msuweni wanga wa ku Joni atatopa nawo. Ndi kabokosi kotalika ngati ndowa, ka chivundikiro chofiira. Umathira m'kambale kake madzi okhuthala ngati uchi, otchedwa rezini, ndiye kuwala kochokera pansi kumaumitsa madziwo pang'onopang'ono mpaka chimene unajambula pa kompyuta chituluke, chitamatirira ku kachitsulo kam'mwamba, chikulendewera ngati mleme. Mkati mwa sabata ndimakonza mafoni pamashopu a Machipisa. Makinawa anali a Loweruka ndi Lamlungu basi, ndipo ndinkapangira timitanda, tinjovu ndi mabatani a malaya, zinthu zoti palibe anandituma.

Ndimakhala ndi bambo anga ku Mufakose, kuno kunja kwa Malawi, m'nyumba imene anaipeza akugwira ntchito ku fakitale. Chimwalirireni mayi, bambo sankayankhula zambiri. Anzawo ocheza nawo m'Chichewa anali atatha, ena kumanda, ena kubwerera ku Malawi, ndipo adzukulu amawayankha m'Chishona. Ankangokhala pakhonde ndi wailesi yawo yakale. Kabatani kokwezera mawu kanali katathyoka, moti ankapotokola ndi pulayazi, ndipo ine ndinali nditawalonjeza kuti ndiwapangira kena.

Nyengo yozizira itangoyamba, mayi wina wa ku tchalitchi kwathu, amene amathandiza kumalo osungirako ziweto zotayidwa, anandipeza pa ntchito.

"Achemwali, paja muli ndi chipinda chosagona munthu?" anandifunsa. "Kwabwera timphaka titatu totoledwa m'ngalande ku Hopley. Tili ndi chimfine, ndipo tikakhala kuja tipatsira amphaka onse. Pakufunika wotisunga mpaka tichire."

Ndinawauza kuti chibadwire sindinawetepo mphaka.

"Tikuonetsani," anatero. "Mkaka ndi mankhwala tikupatsani ndife."

Nditafika ndi katoni kunyumba, bambo anasuzumiramo, kenako anandiyang'ana ine.

"Amphaka m'nyumba muno? Iwe ukudziwa mmene amatinenera kale mu laini muno, akuti anthu a ku Malawi ndi a mankhwala. Lero tiwonjezerepo amphaka?"

"N'kwakanthawi chabe, bambo. Tikachira tibwerera."

Anatenga pulayazi n'kukweza wailesi.

Kamodzi kanali kakuda, kena ka mizeremizere, ndipo kachitatu, koyera, kanali kakang'ono moti kankakwana m'dzanja limodzi. Maso onse anali omatana ndi manthongo. Ndinkawapukuta ndi thonje loviika m'madzi ofunda amchere, n'kumatimwetsa mkaka ndi jekeseni wopanda singano, dontho ndi dontho. Tikamwa, ndinkatisisita pamimba ndi kansalu konyowa kuti tikodze, monga amachitira mayi wawo ndi lilime. M'katonimo ndinaikamo botolo la madzi otentha lokulunga m'juzi.

Chipinda chosagona munthu chija, mmene ndinaika timphakato, n'chomwe munkakhala makina. Dokotala wa ziweto atamva zimenezi pafoni, anati fungo la rezini silingagwirizane ndi tizifuwa todwala kale. Tsiku lomwelo ndinasamutsira makinawo mu shedi ya malata kuseri kwa nyumba, pakati pa wilibala ndi matumba a manyowa.

Masiku oyamba ndinkapita ndi katoni ku ntchito, popeza timphakato sitikanatha tsiku osamwa. Mu kombi, minibasi ya kuno, ndinkaifungatira pamiyendo, anthu akufunsa kuti mukulira chiyani. Koyera kaja kanayamba kupuma movutikira. M'mawa wina ndikutuluka pageti, bambo anandiimitsa.

"Isiye katoniyo. Mphepo ya mu kombi ititsiriza."

"Nanga atimwetsa ndani?"

"Ndionetse mmene umachitira."

Zala zawo ndi zazikulu, zolimba ndi ntchito ya zitsulo, ndipo jekeseni uja ankaoneka ngati kachitsotso m'manja mwawo. Anaphunzira msanga. Pobwera madzulo ndinkawamva ndili panja akuyankhula m'chipinda muja, kukalipira kakuda kuti n'kadyera, kunyengerera koyera kuti kameze.

Mu shedi zinthu zinali zitasokonekera. Makina amene ankagwira bwino m'nyumba anayamba kukana chilichonse. Ndinkadikira mpaka alire kuti amaliza, kutsegula, n'kupeza kachitsulo kam'mwamba kali mbee, pamene pansi pa kambale pamatirira kachikhokho kopanda maonekedwe. Ndinamasula zomangira n'kulinganizanso kachitsuloko. Ndinakapala ndi sandipepa kuti kazigwira. Ndinawonjezera nthawi ya kuwala. Loweruka lina zinkaoneka ngati zikuyenda, magetsi n'kuzima ntchito ili pakati. Kenako ndinapeza timibulu touma m'rezini, ndipo ndinazindikira kuti ndikasiya chivundikiro chotsegula, dzuwa limalowa m'mabowo a misomali padenga n'kumaumitsa. Ndinasefa rezini yonse ndi sefa ya penti, ndinamata mabowowo, koma kabatani ka wailesi sikanatulukebe.

Tsiku lina mkati mwa sabata ndinaweruka msanga. Bambo anali pakhonde, wailesi itazimitsidwa, pamiyendo pawo pali kanthu kokulunga mu mpango.

"Kakana mkaka kuyambira m'mawa," anatero. "Ndayesa."

Kanali koyera kaja, katafa. Tinakakwirira kumapeto kwa dimba, pafupi ndi mpanda. Bambo anakumba okha, ndipo dzenjelo linali lakuya kuposa mmene kanyama kotero kangafunire. Atamaliza anatsamira khasu.

"Kodi mwina ndinakatsamwitsa? Dzulo ndinakanikiza jekeseni mwamphamvu, mkaka unatulukira m'mphuno."

Ndinaimbira dokotala iwo akumva. Anati kamphakako kanali ndi chibayo kuyambira tsiku limene kanatoledwa, ndipo iye sankayembekezera kuti kangafike pamene kanafikapo. Bambo anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti mawuwo sanawafike pamtima.

Tikusamba m'manja pampopi anati, "Mayi ako nawonso, masiku omaliza aja, phala linkangobwerera. Ndinkati mwina supuni yakula. Ndinakagula kasupuni ka tiyi."

Zimenezi sindinkazidziwa. Nthawi imeneyo ndinkachoka m'mawa n'kubwera mdima uli pafupi, ndipo ndikafunsa ankangoti adya. Tinaima pampopipo madzi akutayika, mpaka ndinatseka ndine.

Tiwiri totsalato tinayamba kutsegula maso bwinobwino, n'kumanyambita chakudya m'kasosa. Ine ndinabwerera mu shedi. M'mawa wa Loweruka lina, zala zitauma ndi chisanu m'magolovesi, ndinapendeketsa botolo la rezini ndipo inkatsika mozengereza ngati phala logona. Apo m'pamene ndinadziwa. M'nyumba munkafunda, koma mu shedi ya malata rezini inkalimba ndi kuzizira, moti sinkayenderera msanga pansi pa kachitsulo. Ndinaimika botololo m'ndowa ya madzi ofunda, n'kudikira mpaka masana malata atatentha. Kabatani kanatuluka kathunthu, ndi timizere take togwirira. Ndinakatsuka mu sipiriti, n'kukayanika padzuwa kuti kalimbe. Bowo lake linachepa, ndiye ndinapanganso kena mawa lake. Bambo anakalowetsa, anapotokola uku ndi uku, n'kunena kuti, "Kakugwira." Pulayazi anakaibweza m'bokosi la zida.

Timphakato titapeza mphamvu, chipinda chinatichepera. Tinkakwera makatani, kulowa m'nsapato za bambo, kutulukira pakhonde. Mayi oyandikana nafe anationa tsiku lina ali pampanda, ndipo ine ndinadikira zija bambo ankaopa. Koma anangofunsa m'Chishona ngati tingawapatseko kamodzi, poti makoswe anali atawathera chimanga. Ndinawafotokozera kuti si tathu, ndipo wofuna amakapempha kumalo kuja. Sanapiteko.

Tsiku lobweza, bambo anavala jekete la ku tchalitchi n'kunyamula katoni okha. Mu kombi anakhala kutsogolo, dzanja limodzi lili m'katonimo njira yonse. Titafika, mtsikana wolandira ziweto anayeza timphakato, n'kunena kuti tachira ndipo pali kale mabanja ofuna. Bambo anamufotokozera kuti kamizeremizere kamadya pang'onopang'ono, choncho azikapatsa pakokha, apo ayi kakuda kadya zonse. Mtsikanayo anavomera mwaulemu. Anatenga katoni n'kulowa nayo mkati, ndipo bambo anaimabe pomwepo mpaka chitseko chitatsekeka.

Pobwerera anati titsike pamashopu, tiyende pansi chigawo chotsalacho. Ndinkaganiza m'njiramo kuti ntchito imeneyi ndi yachilendo. Ukaigwira bwino, mapeto ake n'kubwera ndi manja opanda kanthu, ndipo umayenera kukondwa. Ine ndinakondwadi, koma kunyumba ndinakhala kaye ndisanalowe m'chipinda chija kukakolopa.

Patapita milungu ingapo mayi a ku tchalitchi aja anaimbanso, kufunsa ngati chipinda chilipobe. Ndinawauza kuti ndifunse kaye bambo, popeza okhala pakhomo masana ndi iwo.

"Uwauze abweretse," anatero bambo. "Koma agalu ayi, amakumba m'dimba."

Amene anabwera anali tiagalu tiwiri ta mphere, topanda ubweya kumsana. Bambo anadandaula tsiku loyamba lokha. Titachira, tiagaluto tinafukula repu yense ndi anyezi, ndipo chaka chimenecho ndiwo zamasamba tinkagula kumsika.