Chisanu chimene ndinkalondera amayi

Fungo la nkhuni za paini zikamafuka zisanaume limandibwezera ku Assumane, m'nyumba yathu ya zipinda ziwiri, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chaka chimenecho chisanu cha ku Lichinga chinabwera msanga. M'mawa nkhungu inkameza mpanda wansungwi, madzi a m'ndowa ankaluma zala, ndipo utsi unkasowa potulukira chifukwa zenera tinalitseka ndi katoni.

Mlongo wanga Jaime anali asanayambe kuyenda. Manja ndi mapazi ake anatupa, tizala tili nganganga ngati chinangwa chophika, ndipo kungomukhudza ankalira mpaka mawu kutha. Kuchipatala anamupatsa mankhwala a malungo, koma kutupa kunabwereranso.

Apa ndi pamene a titiya Rosa, mlongo wawo wa abambo, anafika kuchokera ku Chimbonila n'kuyala mphasa pakhomo penipeni. Anati imeneyi ndi tsempho, mwana satupa chonchi ngati palibe kholo lomwe layenda njira zachigololo. A titiya sanawafunse kanthu abambo. Anayang'ana amayi.

Kuyambira tsikulo amayi anasiya kugulitsa mbatatesi ku merikado, kutchalitchi nakonso ayi. Mchere m'ndiwo ndinkathira ine, iwo ataima pambali manja ali m'kapulana, chitenje chawo. Ankatuluka popita kuchitsime pokha, ndipo ine anandisiyitsa sukulu kuti ndiziwaperekeza. Tikabwera, a titiya ankandiitanira kuseri, kundipatsa chidutswa cha buledi, n'kufunsa yemwe talankhula naye. Anandiuza kuti ndikabisa kanthu Jaime amwalira. Ndinkadziwanso kuti amayi akapezeka ndi mlandu abwezedwa kwawo ku Lione.

Masiku ankakwawa. Amayi ankatenthetsa kansalu pamoto, kukulunga mapazi a Jaime, kakazizira kutenthetsanso. Anzawo a ku merikado akamadutsa mumsewu akuseka ndi mabeseni pamutu, amayi ankaweramira kumoto. Zovala zathu zonse zinkanunkha utsi, ndipo ine ndinkamva belu la kusukulu ndili pachitsa, osasuntha.

Tsiku lina kuchitsime anaima a Saide, bambo amene ankanyamulira amayi matumba a mbatatesi panjinga. Anafunsa za mwana, n'kuwapatsa malalanje awiri. Ananenanso kena kake za njinga yawo yokalamba, amayi n'kuseka, koyamba m'miyezi iwiri. Panjira amayi anandiyang'ana ndowa ili pamutu. "Ukanene zomwe waona, mwana wanga," anatero. "Koma usawonjezere."

Sindinawonjezere. Zinakwanabe. Kusanayambe kutentha, amayi anakwera galimoto ya ku Lione, Jaime ali kumsana, ine n'kutsala ndi abambo. Jaime anamwalira komweko chisanu chotsatira, ndipo a titiya anati si mwaona.

Chaka chatha manja a mwana wanga Edson anatupa chimodzimodzi. Kuchipatala namwino anamubaya chala n'kudonthezera magazi pa kachipangizo kakang'ono, kenako anabaya ine ndi amuna anga. Anati ndi matenda a magazi obadwa nawo, anemiya falisifome, ndipo kuzizira kumawadzutsa. Anajambula papepala kuti mwana amatenga mbewu ziwiri, ina kwa mayi, ina kwa bambo. Yemwe ali ndi imodzi yodwala sadwala, amangoinyamula, monga ife awirife. Edson anatenga zodwala zonse ziwiri. Anati masiku ano odziwa za magazi amatha kuwerenga zimenezi, kale kunalibe.

Jaime sanayezedwe, koma manja aja ndimawadziwa. Ndinapita ku Lione kukawafotokozera amayi. Anamvetsera akusola nyemba, kenako anafunsa kamodzi kokha. "Ndiye abambo akonso anali nayo?" Ndinavomera, iwo n'kupitiriza kusola.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti ndikulondera khomo, kuti matenda asalowe ndi munthu wakunja. Lero ndikudziwa kuti anali m'nyumbamo kale, mwa amayi, mwa abambo, mwa ine amene ndinkanena, mwinanso mwa a titiya amene ankafunsa.